Kodi a IRA anali omenyera ufulu kapena zigawenga?

Gologolo_Ntcheu
Abale, alipo amene amaidziwa bwino nkhani ya Ireland? Mchimwene wanga ali ku Dublin akuti masiteshoni akuluakulu a sitima mumzinda muja, Connolly, Pearse ndi Heuston, onse ndi mayina a anthu amene Angerezi anawawombera chifukwa choukira boma. Koma ine ndikukula ndinkamva pa BBC kuti a IRA (Irish Republican Army, gulu lankhondo lolimbana ndi ulamuliro wa Britain ku Ireland) ndi zigawenga zophulitsa mabomba m'mabala. Ndiye zoona ndi ziti? Komanso azungu okhaokha ankalimbirana chiyani? Ine ndinkayesa kuti utsamunda unagwera ife akuda tokha.

Nkhwazi77
Zigawenga basi. Munthu woika bomba pamene anzake akumwa mowa ndi chigawenga, kaya ndi mzungu kaya ndi ndani.

MayiWaCork
A Nkhwazi mwathamanga. A pamasiteshoni aja anaphedwa mu 1916. Mabomba a m'mabala a ku Birmingham ndi a 1974. Pakati pake pali zaka 58, ndipo kuno anthu ambiri amene amalemekeza oyambawo safuna n'komwe kumva za enawo.

Aphunzitsi_Opuma
A Gologolo, funso lanu lachiwiri ndi limene likutsegula zonse, ndiye tiyambe nalo. Ireland inali munda woyamba wa Angerezi, asanafike n'komwe ku India kapena kuno kwathu. Kuyambira 1609 boma la ku London linalanda minda ya eni dziko kumpoto, ku Ulster, n'kuipereka kwa anthu ochokera ku Scotland ndi ku England, Apulotesitanti. Eni dziko anali Akatolika. Kenako kunabwera malamulo oletsa Mkatolika kukhala phungu, kukhala ndi mfuti, ngakhale kugula malo momasuka. Choncho mukamva kuti Akatolika ndi Apulotesitanti akumenyana, musaganize kuti akukangana za Maria kapena za ubatizo. Nkhani ndi ya malo, ndi ya amene akulamula.

Koma chodabwitsa n'chakuti amene anayambitsa maganizo oti Ireland ikhale ripabuliki yodziimira anali Mpulotesitanti, loya wa ku Dublin dzina lake Theobald Wolfe Tone. Iye ndi anzake anakhazikitsa gulu la United Irishmen ku Belfast mu 1791, atatengeka ndi zimene zinachitika ku France. Anapita kukapempha asilikali ku Paris. Mu Disembala 1796 zombo za Afalansa zinafika ku Bantry Bay koma mkuntho unaziletsa kutsitsa asilikali, zinabwerera. Mu 1798 anthu anaukirabe, makamaka ku Wexford ndi kumpoto, ambiri atanyamula mikondo italiitali yosulidwa ndi amisiri a m'midzi pomwe adani awo anali ndi mizinga. Anagonjetsedwa pa phiri la Vinegar Hill mu Juni. Afalansa ochepa anafika mu Ogasiti, zinthu zitatha kale. Anthu osachepera 10,000 anafa chaka chimenecho. Tone anagwidwa, anaweruzidwa kuti anyongedwe, ndipo anafera m'ndende ndi bala la pakhosi asananyongedwe. Zotsatira zake: London inathetsa nyumba ya malamulo ya ku Dublin, Ireland n'kuiphatikiza ndi Britain kuyambira 1801.

Kuchokera pamenepo pafupifupi mbadwo uliwonse unkayesako. Robert Emmet mu 1803, ananyongedwa. Young Ireland mu 1848, nkhondo yake inathera pa nyumba ya mayi wina wamasiye ku Ballingarry kumene apolisi anadzitsekera. A Fenian mu 1867. Onsewa analephera, ndipo mofulumira.

Nkhwazi77
Aphunzitsi, mwandithandiza. Onse analephera. Amene anabweretsa kanthu ndi Daniel O'Connell, amene anapezera Akatolika ufulu wokhala aphungu mu 1829 popanda kuwombera munthu. Msewu waukulu wa ku Dublin ndi wa dzina lake. Bwanji simukumutchula?

Aphunzitsi_Opuma
Ndimutchula, mwana wanga, musandithamangitse. O'Connell yemweyo atafuna kuti nyumba ya malamulo ibwerere ku Dublin, boma linaletsa msonkhano wake waukulu wa ku Clontarf mu 1843, iye anamvera, nkhani inathera pomwepo. Zaka ziwiri pambuyo pake njala inayamba.

Kachewere_waDedza
Njala imeneyo ndiyo ine imandikhudza. Chiwawu chinagwira mbatata za kachewere kuyambira 1845, ndipo anthu osauka ankadalira mbewu imodzi yokhayo. Anafa pafupifupi miliyoni imodzi, miliyoni ina inathawira kunja, makamaka ku America. Pamene anthu ankafa m'misewu, zombo zinkanyamulabe tirigu ndi ng'ombe kupita ku England. Ife a ku Dedza tikudziwa mmene munda wa kachewere umadera masiku atatu chiwawu chikalowa.

Zomba_Boy
Ndiye thumba la kachewere likupita bwanji ku Bembeke masiku ano? Ndikufunsira azakhali anga a chipisi.

Kachewere_waDedza
Ndilembereni kumbali, tisasokoneze akuluakulu.

Aphunzitsi_Opuma
A Kachewere simunasokoneze, njalayo ili pakati penipeni pa nkhaniyi. Ana a anthu amene anathawira ku New York ndi ku Boston ndiwo ankatumiza ndalama ndi mfuti kwa zaka zoposa 100. Gulu lachinsinsi la Irish Republican Brotherhood linakhazikitsidwa mu 1858 ndi James Stephens, ndipo linali ndi abale ake ku America. Gulu limenelo ndi limene linakonza za 1916.

MayiWaCork
Za 1916 ndiloleni ndifotokoze ine, chifukwa ndinalowamo m'ndende ya Kilmainham, panopa ndi malo osungira mbiri. Lolemba la Pasaka, pa 24 Epulo, anthu oposa pang'ono 1,000 analanda positi ofesi yaikulu ndi nyumba zina mu Dublin. Patrick Pearse, mphunzitsi, anaima panja n'kuwerenga chikalata cholengeza ripabuliki. James Connolly anali mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito. Zinthu zinali zitawonongeka kale: sitima ya Aud imene inanyamula mfuti 20,000 kuchokera ku Germany inagwidwa n'kumizidwa, Roger Casement anamangidwa ku Kerry, ndipo mkulu wa Irish Volunteers, Eoin MacNeill, analemba m'nyuzipepala kuti anyamata asatuluke. Angerezi anabweretsa mizinga, pakati pa mzinda panapsa. Loweruka, pa 29 Epulo, Pearse anagonja. Anafa anthu pafupifupi 485, oposa theka anali anthu wamba.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti anthu ena a mu Dublin anawanyoza oukirawo pamene ankawatengera kundende. Amayi ambiri amuna awo anali kunkhondo ku France m'gulu la Britain, ndipo ankalandirira ndalama zawo ku mapositi ofesi. Ndiye General Maxwell anayamba kuwombera atsogoleri, awiri lero, atatu mawa, kuyambira pa 3 mpaka pa 12 Meyi. Bwalo limene ankawawomberamo ndi laling'ono, makoma amiyala aatali, opanda zenera, kamtanda kakuda kumapeto uku ndi kena kumapeto uko. Mtanda wachiwiriwo ndi wa Connolly. Anali atavulala mwendo kwambiri moti sankatha kuima, anamubweretsa pa ambulansi n'kumumangirira pampando pafupi ndi geti. Joseph Plunkett anamulola kukwatira Grace Gifford m'kachapelo ka m'ndendemo usiku, m'mawa wake anamuwombera. Anaphedwa 14 ku Kilmainham, mmodzi ku Cork, ndipo Casement ananyongedwa ku London mu Ogasiti. Anthu omwe aja ankanyoza anayamba kupachika zithunzi zawo m'nyumba.

Mbombwe_PIM
Pamene ndikuwerenga thupi langa lachita tsembwe. Izi ndi za John Chilembwe ndendende. Januwale 1915, chaka chimodzi chokha m'mbuyo, nkhondo yomweyo ya Angerezi ndi Ajeremani ili mkati. Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo imene si yawo, Connolly ankalalikira zomwezo ku Dublin. Onse anayesa kupeza thandizo la Ajeremani. Onse anagonja m'masiku owerengeka. Lero uyu ali pa ndalama yathu, awo ali pa masiteshoni. A Nkhwazi, Chilembwe naye ndi chigawenga? Paja mutu wa William Jervis Livingstone unadulidwa ku Magomero.

Nkhwazi77
Musandikole ndi Chilembwe. Iye analibe voti, analibe phungu, matchalitchi ake ankawotchedwa pa esiteti. A ku Ireland anali ndi aphungu oposa 100 ku London, ndipo lamulo la Home Rule, loti akhale ndi nyumba yawo ya malamulo, linali litavomerezedwa kale mu 1914, kungoti anaimitsa chifukwa cha nkhondo. Pearse sanasankhidwe ndi wina aliyense. Anangodzuka ndi anzake n'kuyankhula m'dzina la dziko lonse.

Aphunzitsi_Opuma
Mfundo ya a Nkhwazi ndi yolemera, ndipo akatswiri ena a ku Ireland komweko amainena. Koma pali mbali imene mwaisiya. Amene anayamba kubweretsa mfuti m'ndale za nthawi imeneyo si a Pearse. Apulotesitanti a kumpoto anakhazikitsa Ulster Volunteer Force mu 1913 kuti akane Home Rule ndi zida, ndipo mu Epulo 1914 anatsitsa mfuti zoposa 20,000 padoko la Larne usiku umodzi, boma osamanga aliyense. Akuluakulu a asilikali ku Curragh ananena kuti ndi bwino atule pansi udindo kusiyana ndi kukalimbana ndi anthu a ku Ulster. Mnyamata wa ku Dublin ataona zimenezo anaphunzira kuti London imamvera mfuti kuposa voti.

A Mbombwe, kufananako kulipo koma musakukokere patali. Pambuyo pa Chilembwe panapita zaka pafupifupi 50 tisanadzilamulire. Ku Ireland zinatenga zaka zisanu ndi chimodzi, chifukwa oukira amene anatsala anatembenukira ku chisankho. Pafupifupi 1,800 anatsekeredwa ku kampu ya Frongoch ku Wales, kumene anadziwana bwino n'kukonza mapulani, mmodzi wa iwo Michael Collins. Mu 1918 boma linafuna kukakamiza anyamata a ku Ireland kupita kunkhondo, dziko lonse linakwiya. Pa chisankho cha Disembala 1918 chipani cha Sinn Féin chinapeza mipando 73 mwa 105. Anakana kupita ku London, anatsegula nyumba yawo ya malamulo, Dáil, ku Dublin pa 21 Januwale 1919. Tsiku lomwelo apolisi awiri anaphedwa ku Soloheadbeg, nkhondo inayamba. Apa ndi pamene dzina la IRA linayamba kumveka.

Collins anaphunzira pa 1916 kuti kukhala m'nyumba kudikira mizinga ndi kudzipha. Iye anasankha timagulu tating'ono tobisalira m'misewu ya kumidzi, ndi azondi m'maofesi a boma. London inatumiza a Black and Tans ndi a Auxiliaries, ambiri anali asilikali otsala ku nkhondo yaikulu, amene ankawotcha nyumba ndi masitolo pobwezera. Pa 21 Novembala 1920 m'mawa anyamata a Collins anapha anthu 14, ambiri anali akazitape ndi maofisala a Britain, ena ali pabedi. Masana ake apolisi anawombera anthu oonera mpira pa bwalo la Croke Park, anafa 14. Mwezi wotsatira pakati pa mzinda wa Cork panawotchedwa. Meya wa mzindawo, Terence MacSwiney, anali atamwalira kale ku ndende ya Brixton atakana chakudya masiku 74. Mu Julayi 1921 mbali zonse zinatopa, anasiya kuwomberana.

Gologolo_Ntcheu
Ndiye anapambana? Nanga bwanji mabomba anapitirira mpaka ife tikukula?

MayiWaCork
Anapambana theka. Pangano la pa 6 Disembala 1921 linapereka boma lodzilamulira ku zigawo 26, koma aphungu azilumbirabe kukhulupirika kwa mfumu, ndipo zigawo zisanu ndi chimodzi za kumpoto zinatsala ku Britain. Dáil inavomereza ndi mavoti 64 kwa 57. IRA inagawanika, anthu amene anagona m'tchire limodzi anayamba kuphana. Collins anaphedwa pa 22 Ogasiti 1922 ku Béal na Bláth, kwawo ku Cork, ali ndi zaka 31. Boma latsopano linapha akaidi osachepera 77 a mbali inayo, kuposa akaidi amene Angerezi anapha atawaweruza m'nkhondo yonse ija. Zipani ziwiri zazikulu za kuno, Fine Gael ndi Fianna Fáil, zinachokera pa mkangano umenewo. Agogo ena amene ndimawasamalira amakumbukirabe kuti banja lakutilakuti linali mbali iti.

Belfast_Nurse
Za kumpoto ndiyankhe ine, ndikukhala kuno. Boma la kumpoto kuno, la ku Stormont, linali m'manja mwa chipani chimodzi cha Unionist, cha ofuna kukhalabe mu Britain, kuyambira 1921 mpaka 1972. Ku Derry Akatolika anali ambiri koma malire a mawodi anawajambula mwakuti khonsolo ikhale ya enawo. Nyumba za khonsolo ndi ntchito zinkagawidwa mokondera. Mu 1968 anthu anayamba maulendo amtendere ofuna ufulu, potengera a Martin Luther King, apolisi anawamenya ndi zibonga pa TV. Mu Ogasiti 1969 misewu yathunthu ya Akatolika inawotchedwa ku Belfast, asilikali a Britain anabwera. Nthawi imeneyo IRA inali itatsala pang'ono kutha. Provisional IRA, gulu limene linagalukira ku IRA yakale, inabadwa kumapeto kwa 1969, ndipo zimene zinaipatsa anyamata ndi ziwiri: kutsekera anthu popanda mlandu kuyambira Ogasiti 1971, ndi pa 30 Januwale 1972 pamene asilikali anawombera anthu ochita zionetsero ku Derry, 13 anafera pomwepo. Zinatenga mpaka 2010 kuti David Cameron, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, apepese m'nyumba ya malamulo, lipoti la Saville litanena kuti ophedwawo sankaopseza wina aliyense.

Mpaka lero kuli makoma aatali olekanitsa Falls Road ya Akatolika ndi Shankill Road ya Apulotesitanti, ndipo mageti ena amatsekedwa madzulo. Ukaona m'mphepete mwa msewu apakamo zofiira, zoyera ndi zabuluu, udziwe kuti uli mbali ya Britain. Ine nditangofika ndinagulira mwana wanga jezi ya Celtic pa sitolo ya kaunjika chifukwa inali yotchipa, osadziwa kuti ndi timu imene amaisapota Akatolika. Aneba anga, mayi wabwino kwambiri, anandikokera pambali n'kundiuza kuti pamsewu wathu asavale imeneyo.

Zomba_Boy
Hahaha jezi imeneyo mukanatumiza kuno, ku Chinamwali palibe angafunse.

Chitedze_Dublin
Achemwali a ku Belfast, funso lapambali. Ndili ndi pepala lokhalira ku Ireland, ndingakwere basi kubwera kudzaona makomawo? Akuti palibe bodala.

Belfast_Nurse
Chipata palibe, mudzangoona zikwangwani zasintha kuchoka pa makilomita kupita pa mamailo. Koma kuyenda momasuka kuja ndi kwa nzika za Ireland ndi Britain. Inu ndi pasipoti ya Malawi mukufunika viza ya UK, ndipo nthawi zina amaimitsa mabasi n'kufunsa. Musayese.

Nkhwazi77
Tibwerere. Mwandiwerengera machimo a Angerezi, chabwino, sindikuwakana. Tsopano werengani awa. Birmingham 1974, anthu 21 m'mabala awiri. Kingsmill 1976, antchito 10 Achipulotesitanti anatsitsidwa m'minibasi n'kuwomberedwa. Enniskillen 1987, anthu 11 pa mwambo wokumbukira akufa kunkhondo. Warrington 1993, ana awiri, wina wa zaka zitatu. Pa anthu pafupifupi 3,500 amene anafa m'zaka 30 zimenezo, oposa theka anaphedwa ndi magulu a ripabuliki. Ndipo Akatolika ambiri a kumpoto ankavotera John Hume ndi chipani chake cha SDLP, amene ankakana zida, osati Sinn Féin. Ndiye ankamenyera ndani?

Mbombwe_PIM
Nanga magulu a mbali inayo, UVF ndi UDA? Usiku woti mawa lake kuchitika za Kingsmill, Akatolika asanu ndi mmodzi a mabanja awiri anawomberedwa m'nyumba zawo. Ndipo a Birmingham Six, amuna asanu ndi mmodzi amene anawanamizira mabomba a ku Birmingham aja, anakhala m'ndende zaka 16 pa mlandu umene sanapalamule.

Nkhwazi77
Amenewonso ndi zigawenga. Kuchuluka kwa afisi m'mudzi sikusandutsa mmodzi kukhala mbuzi.

MayiWaCork
Pa za Provisional IRA ine ndili pafupi ndi a Nkhwazi, ndipo anthu ambiri a kuno kummwera ali pomwepo. Boma la Dublin lenilenilo linkawamanga ndipo linaletsa mawu awo pa wailesi. Kumene ndikusiyana nanu ndi kuika Connolly m'thumba limodzi ndi amene anaika bomba ku Warrington. Ngakhale kuti, kunena zoona, a Provisional ankati iwo akungopitiriza za 1916, ndipo funso lakuti ndani anawatuma linafunsidwanso kwa Pearse. Ichi ndi chifukwa chake mwambo wa zaka 100 mu 2016 unali wovuta kuukonza.

Aphunzitsi_Opuma
Taonani mmene London inabwerezera cholakwa cha Maxwell. Mu 1981 akaidi a ku ndende ya Maze anakana chakudya pofuna kuti aziwatenga ngati akaidi a ndale, asamavale yunifolomu ya ndende. Margaret Thatcher anakana. Bobby Sands anasankhidwa kukhala phungu wa Fermanagh ndi South Tyrone ali gone m'ndendemo, ndipo anamwalira pa 5 Meyi atatha masiku 66. Anafa 10. Kumaliro ake kunapita anthu pafupifupi 100,000. Sinn Féin inaona kuti voti ingathe kuigwirira ntchito, ndipo kuyambira pamenepo Gerry Adams ndi Martin McGuinness anayamba kukokera gululo ku ndale, pang'onopang'ono, mfuti zikulirabe. Mu 1984 bomba la ku hotela ya ku Brighton linangotsala pang'ono kupha Thatcher. Zida zambiri za nthawi imeneyo zinkachokera kwa Gaddafi. Koma pofika m'ma 1990 akuluakulu a mbali zonse anadziwa kuti palibe adzagonjetse mnzake. Pangano la Lachisanu Loyera linasainidwa pa 10 Epulo 1998, Hume ndi David Trimble wa Unionist analandira mphoto ya Nobel. Miyezi inayi pambuyo pake gulu logalukira la Real IRA linapha anthu 29 ku Omagh.

Joni_Hustler
Madala, onjezani kuti amene anapita kukayendera mosungira zida za IRA mu 2000 ndi Cyril Ramaphosa, pamodzi ndi Martti Ahtisaari wa ku Finland. A IRA sakanalola Mngerezi kuona malowo, koma munthu wa ANC anamukhulupirira. Zidazo anaziwononga mu 2005.

Gologolo_Ntcheu
McGuinness uja si amene anagwirana chanza ndi Mfumukazi?

Belfast_Nurse
Yemweyo, mu 2012. Anali mtsogoleri wa IRA ku Derry, ndipo IRA ndi imene inapha Lord Mountbatten, wachibale wa Mfumukaziyo, mu 1979. Kuyambira 2007 ankalamulira limodzi ndi m'busa Ian Paisley, amene anatha moyo wake wonse akuwatukwana pa guwa. Mu Febuluwale 2024 Michelle O'Neill wa Sinn Féin anakhala nduna yoyamba ku Stormont, nyumba imene inamangidwa kuti munthu ngati iye asadzalamulire. Kalembera wa 2021 anasonyeza kuti ochokera m'mabanja Achikatolika tsopano aposa a Chipulotesitanti, ndipo pangano lija limalola referendamu yophatikiza chilumba chonse ngati zikuoneka kuti ambiri akufuna.

Mbombwe_PIM
Mwaona a Nkhwazi? Popanda mfuti akanafika pamenepo?

Nkhwazi77
Kugawana mphamvu kumeneko kunalembedwa kale pa pangano la Sunningdale mu 1973. A Unionist analigwetsa ndi sitalaka, a IRA analikana n'kupitiriza mabomba. Patapita zaka 25 onse anasaina chinthu chofanana nacho. Kafunseni a ku Enniskillen ndi a ku Warrington kuti zaka 25 zimenezo zinagula chiyani.

Mbombwe_PIM
Amene anagwetsa Sunningdale mwawatchula nokha, ndipo sanali a IRA. Ndibwera madzulo, magetsi athima ndipo foni yatsala 4%.